Alimi a ku Illinois amene anaombera mfuti yoyamba ku Gettysburg

Funso: Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale kusekondale. Pokonzekera phunziro la nkhondo yapachiweniweni ya ku America ndinaona chithunzi cha kamwala kolembedwa kuti pamenepo m'pamene panalira mfuti yoyamba pa nkhondo ya ku Gettysburg, ndipo woomberayo anali wa gulu la 8th Illinois Cavalry, limene akuti linali la asilikali odzipereka. Kudzipereka kwake kunali kotani, kodi sankalipidwa? Nanga anthu wamba ongokwera pa akavalo akanathandiza chiyani pa nkhondo ya mifuti ndi mizinga?

Yankho: Aphunzitsi, mawu akuti odzipereka musawamve ngati a mavolontiya athu a kusikelo ya ana, amene amagwira ntchito yongothokozedwa pakamwa. Awa ankalipidwa. Msilikali wamba ankalandira madola 13 pamwezi, yunifolomu ndi chakudya, ndipo akathawa ankaweruzidwa ngati msilikali wina aliyense. Kudzipereka kwake kunali kwakuti munthu ankapita yekha kukalembetsa popanda womugwira, n'kulonjeza kutumikira zaka zitatu, zikatha abwerere kumunda kwake kapena kusitolo kwake.

Zinafika pamenepa chifukwa pamene zigawo za kummwera zinadzipatula pofuna kuteteza ukapolo, mizinga n'kulira ku Fort Sumter pa 12 Epulo 1861, dziko lonselo linali ndi asilikali okhazikika pafupifupi 16,000 basi, ndipo magulu a pa akavalo anali asanu okha. Ochepa chonchi sakanamenya nkhondo yotambalala makilomita masauzande. Choncho chigawo chilichonse chinayamba kulemba anthu ake n'kuwapereka ku boma lalikulu. Dzina lomwe mwalionalo likungotanthauza kuti linali gulu lachisanu ndi chitatu mwa magulu a pa akavalo olembedwa m'chigawo cha Illinois. Gulu lotere linkagawidwa m'makampani 12, iliyonse ya anthu pafupifupi 100, ndipo kampani imodzi nthawi zambiri inkachokera m'tauni imodzi kapena m'boma limodzi. Munthu ankaima pamzere ndi msuweni wake, mlamu wake, mnzake wa kutchalitchi. Atsogoleri a kampani ankasankhidwa ndi mavoti a asilikaliwo, bwanamkubwa wa chigawo n'kungotsimikiza. Ubwino wake unali wakuti wamantha ankaopa kuthawa, podziwa kuti kalata yonena za iye ikafika kwa amayi ake sabata lisanathe. Kuipa kwake, kaputeni amene dzulo mumamwa naye m'chikho chimodzi amavutika kukulamulani lero, ndipo kampani ikagwa m'tsoka maliro onse ankagwera mudzi umodzi.

Poyamba akuluakulu ku Washington sankawafuna n'komwe asilikali odzipereka a pa akavalo. Mkulu wa asilikali onse, Winfield Scott, nkhalamba imene inamenya nkhondo kuyambira 1812, inkati nkhondoyo itha msanga, pamene kuphunzitsa munthu ndi kavalo wake kumatenga chaka kapena kuposerapo, ndipo ndalama zake n'zambiri zedi. Za kutalika kwa maphunzirowo ankanena zoona. Za kufupika kwa nkhondo analakwitsa. A kumpoto atagonja ku Bull Run pa 21 Julayi 1861, zitseko zinatseguka, ndipo mmodzi mwa amene analowapo msanga anali John F. Farnsworth, loya wa ku St. Charles ku Illinois, amene anali atangomaliza kumene zaka zinayi monga phungu wa nyumba ya malamulo. Anali wa chipani cha Abraham Lincoln, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, ndipo ankadziwika ndi kudana ndi ukapolo mosabisa. Mu Ogasiti analandira chilolezo, anthu anasonkhana pa malo ake omwe m'mbali mwa mtsinje wa Fox, pamsasa umene anautcha Camp Kane, ndipo pa 18 Sepitembala 1861 amuna oposa 1,100 analumbiritsidwa. Akuti Lincoln mwiniwake ankalitcha gulu lalikulu la Farnsworth la othetsa ukapolo.

Farnsworth anali wandale, za nkhondo sankazidziwa kwenikweni. Mwayi wa gululi unali pa wachiwiri wake, William Gamble, wobadwira ku Ireland, amene pa unyamata wake anakhalapo msilikali wa pa kavalo m'gulu lokhazikika la boma mpaka kufika pa usajeni wamkulu, kenako n'kukagwira ntchito ya uinjiniya ku Chicago. Ameneyu ndiye ankadziwa kuimika anthu pamzere, kuyika alonda usiku, ndi kuona kavalo wodwala asanagwe. Magulu ambiri odzipereka analibe munthu wotere, ndipo anaphunzira ndi maliro.

Anyamata ankathamangira kulembetsa ku akavalo poganiza kuti n'kwa ulemu: lupanga m'chiuno, mizere yachikasu pa jekete, osayenda pansi m'matope. Chikomekome cha mkuyu. Atafika ku Washington mu Okutobala, kenako n'kusamukira ku Alexandria m'chigawo cha Virginia mu Disembala, mdani woyamba amene anakumana naye anali matenda a mumsasa. Ana a m'mafamu otalikirana, amene sanakhalepo m'chikhamu, anaunjikidwa pamodzi m'nyengo yozizira, akumwa madzi oipa. Tayifodi, chikuku ndi kutsegula m'mimba zinawagwetsa asanamuone mdani. Ngati mukufuna chiwerengero chimodzi choti ophunzira anu akumbukire, tengani ichi: pa nkhondo yonse gululi linataya anthu 250, ndipo mwa amenewa ophedwa kapena kufa ndi mabala anali 75, pamene 175 anafa ndi matenda. Umu ndi mmene zinalili m'nkhondo yonseyo, pafupifupi awiri mwa atatu alionse amene anafa sanafe ndi chipolopolo.

Ali ku Alexandria komweko anachita chinthu chimene chikuonetsa mtima wawo. Tauniyo inali ya anthu okonda kummwera, ndipo pa 9 Febuluwale 1862 mbusa wa tchalitchi cha St. Paul's anadumpha pemphero lopempherera mtsogoleri wa dziko la United States, limene lili m'buku la mapemphero. Asilikali amene anali m'tchalitchimo anamuuza kuti alinene, iye anakana, ndipo Kaputeni Elon Farnsworth, mwana wa mbale wake wa John, anamumanga mapemphero ali m'kati, atavala mikanjo yake. Sananene kuti tidikire atuluke. Ine ndimaiona ngati nkhani yopanda ulemu, koma ikukuuzani kuti anthuwa sanali asilikali ozizira ongotsata malamulo. Anabwera ndi maganizo awo a ndale kuchokera kwawo, ndipo ankawaonetsa.

Tsopano tibwere pa kavalo, chifukwa amene sanamvetse za kavalo sangamvetse za gulu lotere. Kuno kwathu ambiri tinangomuona pa chithunzi, ndiye n'kosavuta kumuganizira ngati njinga yamoto imene umaimika pakhonde n'kukagona. Kavalo wa nkhondo, malinga ndi lamulo la asilikali, ankayenera kudya makilogalamu oposa asanu a chimanga kapena oti, ndi makilogalamu asanu ndi imodzi a udzu wouma, tsiku lililonse. Werengerani akavalo 1,000: matumba a makilogalamu 50 oposa 100 patsiku, osawerengera udzu, amenye nkhondo kapena asamenye. Zonsezi zinkayenera kubwera pa ngolo zokokedwa ndi nyama zina zimene nazonso zinkadya. Msilikali akafika pamsasa usiku, ali wotopa, sankayamba ndi moto wa khofi wake. Ankayamba wamasula chishalo, kupukuta msana wa kavalo, kuona ngati pali chilonda, kutola timiyala m'ziboda, kumumwetsa ndi kumudyetsa. Chishalo chikamangidwa molakwika, kapena bulangete la pansi pake likapindika pang'ono chabe, msana unkanyuka, chilonda n'kuyamba kutuluka mafinya, ndipo m'masiku ochepa kavaloyo watha ntchito. Kampani iliyonse inkayenda ndi osula zitsulo okhomera nsapato zachitsulo ku ziboda, ndiponso wosoka zikopa wokonza zishalo ndi zingwe.

M'zaka ziwiri zoyambirira a kumpoto anawononga akavalo mochititsa manyazi. Amalonda achinyengo ankagulitsa ku boma akavalo okalamba ndi odwala, ndipo anyamata a m'tauni ankawathamangitsa osawapumitsa mpaka kugwa. Zinafika poti mu Julayi 1863 boma linakhazikitsa nthambi yapadera yoyang'anira akavalo, n'kumanga khola lalikulu ku Giesboro Point pafupi ndi Washington. Apa m'pamene a 8th Illinois anali ndi poyambira pabwino. Ambiri anali ana a alimi, anakula akulima ndi akavalo, ndipo ngakhale sankadziwa kugwira lupanga, ankadziwa kusamala chiweto. Kumenya nkhondo anachita kuphunzira, koma gulu limene akavalo ake ali moyo limapeza nthawi yophunzirira.

Chaka cha 1862 chinali cha manyazi kwa apakavalo a kumpoto. Jenerale George McClellan ankawagawa timagulutimagulu, ena kukhala amithenga, ena operekeza akuluakulu, pamene a kummwera, amene ambiri anakulira pa chishalo, anali pamodzi pansi pa J. E. B. Stuart. Mu Juni chaka chimenecho Stuart anatenga amuna 1,200 n'kuzungulira gulu lonse la nkhondo la McClellan pafupi ndi Richmond, likulu la a kummwera, n'kubwerera kwawo bwinobwino. Asilikali oyenda pansi ankawaseka anzawo, amvekere ndani anaonapo mtembo wa wapakavalo. A 8th Illinois anali m'gulu la ochepa amene chipongwechi sichinkawakhudza kwenikweni. Gamble anaomberedwa pachifuwa ku Malvern Hill mu Ogasiti akutsogolera anthu ake, n'kupulumuka. Pa 15 Sepitembala, kutatsala masiku awiri kuti ichitike nkhondo ya ku Antietam, gululi linathamangitsa apakavalo a Fitzhugh Lee m'misewu ya tauni ya Boonsboro. Kumapeto kwa chakacho John Farnsworth anakwezedwa kukhala jenerale, ndipo pasanapite nthawi anabwerera ku nyumba ya malamulo. Gululo linatsala m'manja mwa Gamble.

Zinthu zinasintha mu Febuluwale 1863 pamene Joseph Hooker, mkulu watsopano wa gulu lankhondo la kumpoto lotchedwa Army of the Potomac, anasonkhanitsa apakavalo ake onse kukhala khamu limodzi lokhala ndi mtsogoleri wake. Mu Meyi a 8th Illinois anatumidwa kukasesa dera la pakati pa mitsinje ya Potomac ndi Rappahannock, kumene kunkadutsa katundu wozembetsa wopita kummwera. Pobwerera, kumbuyo kwawo kunali mdipiti wa akapolo mazanamazana amene anasiya minda ya ambuye awo, amayi ana kumsana, katundu pamutu, kutsata asilikaliwo. Ili n'limodzi mwa mayankho a funso lanu lachiwiri. Kulikonse kumene apakavalo a kumpoto ankafika, ukapolo unkasungunuka, chifukwa akapolowo ankangodikira mpata, ndipo iwowo ndiwo ankauza asilikali njira, madooko ndi kumene adani abisala.

Pa 9 Juni, m'bandakucha, nkhungu ili pamtsinje, apakavalo a kumpoto anawoloka Rappahannock n'kumudzidzimutsa Stuart ku Brandy Station. Iyi ndiyo nkhondo yaikulu kwambiri ya pa akavalo imene inachitikapo ku North America, ya anthu pafupifupi 20,000. A 8th Illinois anali m'gulu loyamba kuwoloka pa Beverly Ford. Mtsogoleri wa gulu lawo lalikulu, Benjamin Davis, anaphedwa koyambirira, ndipo amene ankatsogolera a Illinois tsikulo, Alpheus Clark, anavulala n'kudzafa pambuyo pake. Madzulo a kumpoto anabwerera kutsidya, choncho pa pepala wopambana anali Stuart. Koma kuyambira tsiku limenelo panalibenso wowaseka.

Tafika ku kamwala kanu. Pa 30 Juni 1863, Jenerale John Buford wa kumpoto analowa m'tauni ya Gettysburg m'chigawo cha Pennsylvania ndi apakavalo osakwana 3,000, akufunafuna kumene kuli gulu la Robert E. Lee, jenerale wotsogolera a kummwera. Iyi ndiyo inali ntchito yeniyeni ya apakavalo: kukhala maso ndi makutu a asilikali oyenda pansi, ndi kuphimba maso a adani. Buford anaona kuti misewu pafupifupi khumi imakumana m'tauniyo, ndipo kummwera kwake kuli zitunda zimene aliyense wozifikira poyamba angakhale wovuta kumuchotsa. Anadziwanso kuti adani ambiri ali ku Cashtown, makilomita 13 kumadzulo, ndipo asilikali oyenda pansi a mbali yake sangafike mpaka dzuwa litakwera. Ankafunika kugula maola. Anayika alonda m'timagulu ta anthu anayi kapena asanu kutsogolo kwambiri, ndipo pa msewu wochokera ku Chambersburg panali a kampani E ya 8th Illinois.

M'mawa wa 1 Julayi alondawo anaona fumbi pamsewu, kenako mbendera, kenako mzere wautali wa asilikali oyenda pansi ukuyandikira kamtsinje ka Marsh Creek. Anali anthu a Jenerale Henry Heth wa kummwera, oposa 7,000. Lieutenant Marcellus Jones, mmisiri womanga nyumba wa m'boma la DuPage, anafika pamalopo, n'kubwereka mfuti ya Sajeni Levi Shafer, chifukwa maofesala sankanyamula mfuti zotere. Anaitsamiritsa pa mtengo wa mpanda, n'kuloza kwa munthu wina amene anali pa kavalo wotuwa, kutali ndithu, n'kukoka. Nthawi inali cha m'ma 7:30. Palibe umboni woti chipolopolocho chinagunda munthu, ndipo pa mtunda umenewo ndi mfuti yaifupi ngati imeneyo zikanakhala zodabwitsa. Koma sichinalinso chopha. Chinali belu lodzutsa onse a kumbuyo.

Chimene chinatsatira n'chimene ndikufuna muwafotokozere bwino ana a sukulu, chifukwa ambiri amayembekezera kumva za malupanga ong'anima ndi akavalo othamangira mizinga. Sizinatero. Anatsika pa akavalo. Mwa anthu anayi alionse, mmodzi ankagwira zingwe za akavalo onse anayi n'kupita nawo kuseri kwa chitunda, atatu enawo n'kutambalala m'mbali mwa mipanda ndi m'mitengo, motalikirana, kuti aoneke ambiri. Mfuti za asilikali oyenda pansi zinali za mtundu wa gogodela: kuthira wonga kukamwa, kuyika chipolopolo, kusinja ndi kachitsulo, munthu ataimirira, ndipo waluso ankaombera kawiri kapena katatu pa mphindi. Za a Illinois zinali za mtundu wa Sharps, zotsegula kumbuyo, zoti munthu atha kuyika chipolopolo atagona pansi n'kuombera mofulumira kuwirikiza kawiri. Mudzamva ena akunena kuti anthu a Buford anali ndi mfuti zolira kasanu ndi kawiri osayikamo china, za Spencer. Zimenezo n'zabodza, mabuku a zida a nthawiyo akuonetsa mfuti za chipolopolo chimodzichimodzi. Pamodzi ndi iwo panali mizinga isanu ndi umodzi ya John Calef, imene Buford anaimwaza kuti ioneke ngati yambiri.

Heth ankaganiza kuti akumana ndi asilikali a m'midzi ongothawa akamva mfuti, komanso anali atauzidwa kuti asayambitse nkhondo yaikulu Lee asanasonkhanitse anthu ake onse. Atamva kulimba kwa moto anaima, n'kuyamba kuchotsa anthu ake pamsewu kuti awayale m'mizere ya nkhondo m'minda. Kuyala anthu masauzande chonchi, kudutsa mipanda ndi timitsinje, kumadya nthawi. Akangomaliza n'kuyamba kuyenda, apakavalo aja ankabwerera ku chitunda chotsatira n'kuyambiranso. Cha m'ma 10 koloko asilikali oyenda pansi a John Reynolds anafika akuthamanga n'kulowa m'malo mwawo. Reynolds mwiniwake anaphedwa pasanapite nthawi. Masana a kumpoto anagonja n'kuthawa kudutsa m'tauni, ndipo apanso anthu a Gamble anatchinjiriza mbali ya kumanzere, ena ali kuseri kwa mpanda wa miyala, a 8th Illinois akuopseza gulu la James Lane wa kummwera mpaka linachedwa kulowa m'nkhondo. Othawawo anakafika pa zitunda zija, za Cemetery Hill, ndipo Lee anamenya masiku awiri otsatira osatha kuwachotsapo.

Mwa amuna pafupifupi 490 a 8th Illinois amene anali pamenepo, anaphedwa mmodzi yekha, David Diffenbaugh, asanu anavulala, mmodzi anasowa. Pa nkhondo imene inagwetsa anthu pafupifupi 50,000 mbali zonse, ophedwa, ovulala ndi ogwidwa, wina atha kunena kuti awa sanamenye n'komwe. Ine ndimaona mosiyana. Alimi omwewa akanapatsidwa ntchito imeneyi mu 1861, akanachita chimodzi mwa ziwiri: kuthawa ataona khamulo, kapena kulithamangira ndi malupanga n'kuthera pomwepo. Kudziwa poima, poombera ndi nthawi yochoka, osataya anthu koma n'kumudyera mdani maola awiri, ndi luso limene anatenga zaka ziwiri kuliphunzira. Osakokomezanso: Heth anathandiza ndi kukayika kwake, ndipo m'mawa umenewo munalinso magulu ena a ku New York, Indiana, Pennsylvania ndi Illinois komweko.

Kuti muone kusiyana kwake, tsatirani Elon Farnsworth uja womanga mbusa. Kutatsala masiku ochepa kuti nkhondoyi ichitike, anadumphitsidwa kuchoka pa ukaputeni kufika pa ujenerale, pamodzi ndi George Custer ndi Wesley Merritt, n'kupatsidwa gulu lina. Pa 3 Julayi mkulu wake, Judson Kilpatrick, anamulamula kuthamangira asilikali oyenda pansi ali pa akavalo, m'malo a miyala, mitengo ndi mipanda. Farnsworth anatsutsa, koma anamvera, ndipo anaphedwa ali ndi zaka 25, popanda chimene chinapindulidwa. Umenewo ndiwo ulemu wa malupanga umene anyamata ankaulota polembetsa. Patapita masiku atatu, pothamangitsa Lee pafupi ndi Williamsport, a 8th Illinois anatayanso Meja William Medill, mng'ono wake wa Joseph Medill wa nyuzipepala ya Chicago Tribune.

Mawu aja akuti odzipereka anayesedwa zenizeni kumayambiriro kwa 1864. Zaka zitatu zinali pafupi kutha, ndipo aliyense anali ndi ufulu wopita kwawo. Pofika nthawiyi boma linali litayamba kale kulemba anthu mokakamiza, kuyambira mu Malichi 1863, ndipo wolemera ankatha kudziwombola ndi madola 300. Koma boma linkadziwa kuti msilikali mmodzi wozolowera amaposa atsopano angapo, choncho linalonjeza madola 402 ndi tchuthi cha masiku 30 kwa wolembetsanso, ndipo gulu limene anthu atatu mwa anayi alionse alembetsanso linkasunga dzina ndi mbendera yake. A 8th Illinois analembetsanso. Ndalamazo zinakoka, sitingakane, koma awa anali anthu amene tsopano ankadziwa bwino chimene akusainira.

Atabwerako kutchuthi anapatsidwa ntchito yolondera Washington, imene inkaoneka yopepuka. Mu Julayi 1864 Jenerale Jubal Early wa kummwera anatulukira ku Maryland ndi asilikali pafupifupi 15,000, likulu lili pafupifupi lopanda olitchinjiriza. Jenerale Lew Wallace wa kumpoto anasonkhanitsa amene akanatha, osafika theka la chiwerengerocho, ndipo apakavalo ake odalirika anali makampani asanu a 8th Illinois pansi pa David Clendenin. Pa 9 Julayi anamenyana pa mtsinje wa Monocacy. Anagonja, koma Early anataya tsiku lathunthu, ndipo pamene ankafika pa malinga a Washington, asilikali otumizidwa ndi Ulysses Grant, mkulu wa asilikali onse a kumpoto, anali akutsika m'sitima zapamadzi. Ntchito yomweyo ya ku Gettysburg, kugula nthawi. Pobwerera m'mbuyo tsikulo, m'katauni ka Urbana, anatembenuka mwadzidzidzi n'kulanda mbendera ya gulu la 17th Virginia Cavalry limene linkawathamangitsa.

Miyezi yotsalayo anaithera posakana ndi zigawenga za John Mosby wa kummwera m'maboma a Loudoun ndi Fauquier ku Virginia, nkhondo yauve ya kubisalirana, kufufuza m'nyumba za anthu usiku ndi kutentha nkhokwe. Anthu wamba a kumeneko sanawakumbukire mokoma, ndipo anali ndi zifukwa. Mosby ankapeputsa magulu ambiri a kumpoto chifukwa ankamuthamangira ndi malupanga pamene anthu ake ankagwiritsa ntchito mavolovolo. A Illinois ankamuyankha ndi mfuti, ndipo pafupi ndi Upperville mu Okutobala 1864 anawakwapula anthu ake. Nkhondo itatha, Mosby yemweyo analemba kuti ili linali gulu labwino koposa la apakavalo mu Army of the Potomac.

Lincoln ataomberedwa pa 14 Epulo 1865, gululi linali m'gulu la otumidwa kukasaka John Wilkes Booth, amene anamuombera, m'madambo a kummwera kwa Maryland, ngakhale amene anamupeza anali a 16th New York Cavalry. Clendenin anakhala mmodzi mwa akuluakulu asanu ndi anayi amene anaweruza ogwirizana ndi Booth, pamodzi ndi Lew Wallace yemwe uja. Pa 17 Julayi 1865 gululo linathetsedwa ku St. Louis, anthu n'kubwerera kwawo. John Beveridge, amene analitsogolera ku Gettysburg, anadzakhala bwanamkubwa wa Illinois mu 1873. Gamble anabwerera ku usilikali n'kufa ndi kolera ku Nicaragua mu 1866. George Forsyth, mmodzi mwa maofesala a gululi, anapitiriza usilikali kumadzulo, kumene mu 1868 ankamenyana ndi Acheyenne, eni nthaka amene ankalandidwa malo awo. Ophunzira anu akafunsa ngati m'gululi munali anthu akuda, yankho ndi lakuti ayi, ngakhale linkatchedwa la othetsa ukapolo. Akuda pafupifupi 180,000 amene anamenya nkhondoyi ankayikidwa m'magulu awoawo, monga 5th Massachusetts Cavalry, imene inali m'gulu la oyamba kulowa mu Richmond pa 3 Epulo 1865.

Kamwala kanuko sikanayikidwe ndi boma. Mu 1886, patapita zaka 23, Marcellus Jones, Levi Shafer ndi mnzawo Alexander Riddler anasemetsa mwala ku Naperville, kwawo ku DuPage, n'kuunyamula ulendo wonse mpaka ku Pennsylvania, n'kuuimika ndi ndalama zawo pamalo pamene ankakumbukira kuti panali mpanda uja. Akale a 9th New York Cavalry sanavomereze, ankati mnzawo Alpheus Hodges ndiye anaombera poyamba m'mawa umenewo, ndipo nkhalambazo zinakangana m'manyuzipepala kwa zaka. M'mawa umene alonda anamwazikana makilomita angapo, aliyense akuona fumbi lake, n'zotheka kuti onse ankanena zimene anaonadi. Chipilala chachikulu cha gululi chili chapafupi ndi tauni, pamzere pamene anthu a Gamble anaima, ndipo chili ndi dzina la David Diffenbaugh. Ka Jones kali kokha kumadzulo, m'mphepete mwa msewu wa ku Chambersburg, kutalika kwake sikuposa munthu, ndipo magalimoto ambiri amangokadutsa.